Apongozi, keke ndi kabuleta

Tsiku limene ndinanyamula apongozi anga aakazi pa pikiapu ya amalume, kwathu amalikamba mpaka lero, ndipo palibe amene amalikamba mondiyamikira.

Inali nthawi ya kampeni yoyamba ya matipate, ine nditangokwatira kumene. Mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, ankamanga ukwati Loweruka, ndipo keke ya nsanjika zitatu inkayenera kuchoka ku Bangwe kukafika ku holo ya ku Nkolokosa isanakwane 2 koloko. Ndinadzipereka ndekha (palibe anandipempha, ichi ndivomere). Amalume pondipatsa makiyi anandichenjeza kuti, "Ikamathamanga ilibe vuto, koma ukangochotsa phazi pa moto imazima." Ndinaseka. Ndinali nditaonererapo amakaniko kawiri konse, ndiye za injini ndinkati ndazitha.

Apongozi anakhala kutsogolo, keke ili pamiyendo, nkhope ataloza kuwindo monga mwa ulemu wa pachipongozi. Ine suti yobwereka, chigongono panja.

Pamsika wa Bangwe minibasi inaima kutsogolo kwathu, ndinaponda buleki, injini n'kuti zii. Mavenda anatikankha, inalira. Tisanalowe mu Limbe inazimanso. Ndinatuluka mwaulemerero n'kutsegula boneti.

"Amayi, musadandaule, ndi mapulagi awa."

"Chabwino, bambo," anatero apongozi, maso ali kuwindo.

Ndinapukuta mapulagi onse anayi ndi mpango wa m'thumba la suti. Tinayenda pang'ono, pamaloboti inazimanso. Apa ndinalengeza kuti petulo sakufika bwino mu kabuleta. Ndinazula paipi ya petulo n'kuyamwa monga ndinaonera kugalaja. Abale anga, petulo ankafika! Anafika kukhosi, m'mphuno, pa tayi, mpaka m'sokosi. Ndinalavula dzuwa likuswa mtengo, keke itayamba kutuluka thukuta.

Kenako ndinaona kasikuluu pambali pa kabuleta. Ndinakamanga mpaka kumapeto (nzeru zake zinali zoti injini yokuwa singagone). Zoonadi inasiya kuzima, koma inkabangula ngati chigayo. Tinadutsa Chichiri anthu akuthawira m'mbali. Ku Naperi tinalowa pakati pa mdipiti wa malole a chipani, ndipo amayi ovala nsalu zachipani, pomva phokoso lathu, anayesa ndife achangu kuposa onse. Anatiimbira nthungululu, ine n'kumakweza dzanja ngati ofuna uphungu. Posakhalitsa lole yakutsogolo inaima mwadzidzidzi. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zonse, phazi n'kuterereka pa kilatchi, galimoto inadumpha ngati chule n'kufa. Nsanjika yapamwamba ya keke inakapsompsona galasi.

Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo, apongozi anandiyang'ana m'maso.

"Bambo, gwirani kekeyi."

Anatuluka, kumanga bwino chitenje, kutsegula boneti, n'kutenga mpeni wodulira keke, womangidwa riboni, umene tinanyamula pamodzi ndi kekeyo. Ndi nsonga yake anabweza kasikuluu kanga pamalo pake.

"Ikani kekeyo pampando, mulize injini. Phazi likhale pa moto pang'ono."

Ndinaliza. Iwo anaweramira mu injini, khutu patsogolo.

"Mukukumva kulira kwa psiii uku?"

"Ee, amayi," ndinanama.

"Kapaipi ka mpweya aka kang'ambika. Injini ikumeza mpweya wambiri kuposa petulo, ndiye mukaima imakomoka. Ine ndakhala ndikukumva kuchokera pakhomo."

Anadula nsonga yong'ambikayo ndi mpeni womwewo, kubwezeretsa kapaipi, n'kumangirira ndi riboni. "Chotsani phazi." Ndinachotsa. Injini inapitiriza kung'ung'udza modekha, osatsokomola n'kamodzi komwe. Amayi a chipani aja, amene anali atatsika kudzaonerera, anaimbanso nthungululu, koma ulendo uno sizinali zanga.

"Koma amayi, mwazidziwira kuti zimenezi?"

"Zaka khumi ndi ziwiri ndikugulitsa mandasi pageti pa galaja. Mukuyesa ndinkangowerenga ntchentche?"

"Nanga bwanji osandiuza ku Bangwe komwe kuja?"

"Aa, mkamwini akamagwira ntchito salowereredwa. Komanso mumayamwa mwakhama, ndinachita manyazi kukudulani."

Tinafika akwati atayamba kale kuvina polowa. Keke anaiika mbali yophwanyika italoza kukhoma, ndipo anaidula ndi mpeni wakukhitchini chifukwa wake uja unali wakuda bii. Ine anandikhazika pakhomo, pamphepo, ndipo mkulu wa mwambo analengeza pa chimkuzamawu kuti aliyense wosuta fodya asayandikire akamwini.

Mungayese ndinaphunzirapo kudzichepetsa. Pang'ono pokha. Masiku ano galimoto yanga ikayamba matenda, mkazi wanga amafunsa akumwetulira kuti, "Ndiwaimbire amayi?" Ine ndimakana mwamphamvu, kuti mwamuna ndine pano. Kenako ndimazemba n'kupita kuseri kwa nyumba, kukawaimbira ndekha monong'ona.