Mmene Ndinaphunzirira Kupota Pasita

Lolemba

Mwana wanga Esime waimba foni ndili pa benchi langa la zinanazi pa Chinakanaka. Akuti Loweruka ndipite ku Blantyre ndikaone mnyamata amene akufuna kumukwatira. Dzina lake Yamikani, kwawo ku Kasungu. Tikakumana mu lesitilanti ya Chitaliyana, zija zimapezeka m'mizinda ingapo koma chikwangwani chake n'chimodzi.

"Ababa, mukadya pasita ya kirimu. Amadya ndi foloko, mochita kupota. Chonde musakandichititse manyazi."

Ine manyazi? Ine amene ndinadyapo pa ukwati wa mwana wa kapitawo wa ku esiteti ya tiyi!

Komabe pasita n'chiyani? Amake Esime akuti ndi supageti wopita kusukulu.

Zochita sabata ino:
– kupeza foloko
– kuphunzira kupota
– kuchapa jekete

Lachiwiri

M'nyumba muno foloko ilimo imodzi, koma ndi imene timatsekera khola la nkhuku. Ndikaichotsa, vumbwe athokoza.

Ndabwereka kwa mayi busa. Akuti ikabwere ndi mano ake onse.

Supageti sindinagule, ndiye ndikuyeserera ndi zingwe za nsapato m'mbale. Zikupoteka bwino zedi! Vuto n'lakuti Amake Esime alowa foloko ili pafupi ndi kukamwa. Angotuluka n'kukaitana achemwali awo kuti adzaone.

Lachitatu

Supageti wagulidwa! Ndasiyira Amake Esime n'kupita kudimba. Pobwera ndapeza amuthyolathyola ngati machesi, "kuti akwane m'poto." Ndipota chiyani tsopano? Tadya ndi usipa. Ndi manja.

Madzulo afika alamu anga a Dyson, amene amanyamulira azungu katundu pa Likhubula pokwera phiri. Akuti anaonapo Mtaliyana weniweni akudya pamwamba penipeni. Malamulo ake:
– osadula
– osakoka ndi milomo
– foloko izungulire kaye m'mwamba isanatsike m'mbale
– nkhope ikhale ngati ya munthu amene wakumbukira malemu

Ndafunsa ngati mwina Mtaliyanayo sankangothamangitsa ntchentche. A Dyson akhumudwa, akana tiyi.

Lachinayi

Lero nkhani ya kirimu. Ndafunsa mu golosale, andipatsa wodzola. Ndanunkhiza: maluwa okhaokha. Ndabweza.

Tapanga tokha. Mkaka waufa, majarini, ndi ufa woyera pang'ono kuti zigwirane. Zagwiranadi! Foloko yaima yokha pakati pa mbale. Galu wanunkhiza, wandiyang'ana m'maso, wapita kwa aneba.

Ndadya ndithu, poti sukulu ndi sukulu. M'mimba mukulira ngati njinga yamoto ikukwera chitunda.

Lachisanu

Mudzi wonse wadziwa. Pakhonde padzaza anthu odzaonerera, ena abwera ndi mipando yawo. A Juma ogulitsa nsalu akuti pota kumanja. A Dyson akuti kumanzere. Atsala pang'ono kugwirana m'makosi, pamene wodya ndine.

Supageti wathawa pa foloko n'kundikwapula padiso. Anthu aomba m'manja!

Jekete ladontheredwa. Dzino limodzi la foloko lapindika, ndiye njira ya kwa mayi busa ndasiya kudutsa.

Koma dzanja lazolowera. Likupota lokha, ngakhale ndisanaliuze. Pomwa tiyi likupota. Poloza nkhuku likupota.

Loweruka

Blantyre. Lesitilanti yowala ngati chipatala, muli nyimbo ya munthu wolira koma maliro palibe. Yamikani ndi mwana waulemu. Wanjuta, wandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena "Mosheliwa!" moni wathu wa m'mawa, chonsecho dzuwa lili paliwombo. Akuti wakhala akuloweza Chilomwe kuti andisangalatse. Thukuta lili kamukamu pamphumi pake. Esime akundiyang'anitsitsa ngati mkaka uli pamoto.

Mbale yafika.

Si supageti ayi!!! Ndi timapaipi tatifupitifupi, tikusambira mu kirimu woyera. Chopota palibe!

Koma dzanja silinamve uthengawo. Foloko yakwera m'mwamba, yazungulira, yatsika, yabaya kapaipi kamodzi n'kuyamba kukapota pakati pa mbale. Nkhope ya malemu ndaika kale. Kapaipi kakuzungulira, kirimu akuthovokera pa tebulo. Mtsikana woperekera zakudya, amene amabwera ndi tchizi, waima chilili.

Esime akunong'ona: "Ababa, mukutani?"

Pakamwa panga payankha pokha: "Ndi mwambo wa kwathu."

Yamikani waweramitsa mutu, watseka maso. "Ameni, bambo." Watola foloko yake, naye wazunguza m'mwamba. Mtsikana wa tchizi naye wati ameni.

Kukoma kokha ndisaname, zimakoma. Kirimu wosalala, kafungo ka adyo, tinyama ta nkhuku. Koma poti ndanena kuti ndi mwambo, kapaipi kalikonse ndayenera kukapota kaye, Yamikani akutsatira pambuyo. Chakudya chazizira tisanafike pakati. Esime wadya chake mwakachetechete, maso ali kudenga.

Ndakwera minibasi ndili ndi njala. Ndagula chimanga chowotcha pa Limbe.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala mpando wakumbuyo. Anthu akufunsa za ulendo, ndikungoti Mulungu ndi wabwino.

Masana Esime waimba. Akuti Yamikani wandikonda kwambiri, ankhoswe abwera mwezi wamawa. Mtima wanga wakhala pansi.

Kenako wapitiriza. Akuti mnyamatayo wauza makolo ake ku Kasungu za mwambo wa Alomwe wodalitsa chakudya ndi foloko, ndipo zawakhudza kwambiri. Akupempha kuti pa ukwati ndidzautsogolere ineyo, pamaso pa anthu onse. Amalume ake akufunsanso ngati mwambowu uli ndi nyimbo yake, kuti a kwaya ayambiretu kuphunzira.

Ndafunsa Amake Esime kuti nditani. Akuti wabala mwambo aulere yekha.

Nyimbo ndayamba kupeka. Ikuvuta pa vesi yachiwiri.