Dzanja lomwe ndinaiwala kufufuta

Usiku watha ndinalota zinthu zoti mukanakhala inu, anzanga, bwenzi mutadzuka ndi liwiro. Koma ndiyambe ndakuuzani za chithunzi, apo ayi muziti ndapenga.

Mukudziwa kuti chigulireni kamera ija pa kaunjika ku Limbe sindipuma, ndimajambula ngakhale nkhuku za eni. Ndiye mwana wanga Tinyade, poti ukwati wake wayandikira, anandipempha ndimukonzere chithunzi cha tsiku la ubatizo wake, achikulitse akachiike pakhomo la holo. Ndi chokhacho chimene ali ndi bambo ake, a Gostino, aja anapita ku Joni, kukwatira konko, kufera konko, osatumiza ngakhale sopo. Pepala la chithunzicho chiswe chinadya. Mwayi ndinali nditalijambula kale pafupi ndi windo, popanda fulashi kuti lisanyezimire, moti chatsala ndi cha m'foni mwanga basi.

Dzulo madzulo ndinachiwalitsa, ndinachotsa timadontho, ndinakometsa mtundu wa diresi. Kenaka ndinawayang'ana a Gostino ali chilili m'jekete yobwereka, akumwetulira ngati analera mwana. Mtima unandiwira. Ndinatenga kofufutira ka m'pulogalamu ya m'foni n'kuwapukuta kuyambira kumutu mpaka kunsapato, foni n'kudzazapo khoma la tchalitchi bwinobwino. Ndinagona ndikudzitama.

Ndiye m'malotomo ndangomva chinthu chikundikanda kuphazi. Kuyang'ana, dzanja! Dzanja lokhalokha lopanda mkono, litavala wotchi yakufa ya a Gostino.

"Mayi a Tinyade, mwandisiya ndekha paphewa pa mwana," linatero dzanjalo. "Thupi langa mwaliika kuti?"

Ndinakuwa, koma mawu anatuluka opanda mtundu, akuda ndi oyera okhaokha. Mwadzidzidzi kamera inadumpha pamsomali n'kudzikoleka yokha m'khosi mwanga.

"Ndimakuuzani ine kuti muzikulitsa chithunzi, muziyang'ana m'mbali monse," inatero kamera. "Inu phuma basi. Tiyeni ku ofesi."

Ndiye tinakwera minibasi, dzanja litakhala kutsogolo ndi dalaivala ngati bwana. Kondakitala anajambula kabokosi m'mwamba ndi chala, akuti aliyense akwane m'menemo, chotulukira kunja chidulidwa. Mayi wina anatsika pa siteji wopanda dengu ndi khutu limodzi, n'kuthokoza.

Mwadzidzidzi minibasi ija inali khonde la ofesi, pakhomo palembedwa kuti Ofesi ya Zofufutidwa. Mzere wake, anzanga! Mitengo ya magetsi, zimbudzi za kuseri kwa nyumba, mimba za mabwana, makwinya, imvi, apongozi, ndi mbuzi ina yomwe inangodutsa kumbuyo kwa mkwatibwi. Patsogolo panga panaima chigubu chachikasu chikusisima.

"Banja lija ndalitungira madzi mpaka ndabooka," chinatero chigubucho. "Tsiku la chithunzi akuti ndikuchititsa manyazi. Nanga inu mayi, anakufufutani ndani?"

"Ine ndine wofufuta," ndinayankha.

Mzere wonse unanditembenukira. Ngakhale mbuzi inasiya kubzikula.

Ndiye anandilowetsa kwa bwana wa tayi, wokhala kuseri kwa tebulo lalitali. Patebulopo panali kamzere kaja timakankha tikamasintha mitundu. Akakankhira uku, iyeyo amasanduka wobiriwira. Akabweza, wofiira. Ndikuona choncho tayi inapindika kukhala mchira, maso anatuzuka, ndipo pampando panakhala bilimankhwe, diso lina kwa ine, lina kwa dzanja.

"Mayi, mlandu wanu ndi wosamaliza ntchito," anatero bilimankhwe. "Kuno munthu timamufufuta yense, sitisiya nyenyeswa."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati, "Zikomo bwana, mwanena zoona. Lifufuteni dzanjalo ndizipita."

"Mesenjala! Bweretsa zonse za a Gostino!" anaitana bilimankhwe.

Mesenjala anatuluka ali munthu, pobwera anali kadzidzi, maso ake akutseguka ndi kuchepa ngati diso la kamera likamasaka kuwala. Ine ndimayembekeza jekete ndi nsapato. Koma kumbuyo kwake kunalowa Tinyade wanga, atavala diresi la ukwati, maluwa ali m'manja.

"Amayi, mwabwera kudzandijambula?" anafunsa akumwetulira.

Kadzidzi anamuzungulira akumuyang'anitsitsa. "Mphuno iyi ndi ya a Gostino. Makutu awa ndi a a Gostino. Mpata wa m'manowu, chipumi, kaimidwe kopendekekaka, zonsezi n'za a Gostino."

"Iyayi, dikirani!" ndinakuwa. "Ameneyo ndinabereka ndine! Ndinalera ndekha!"

"Zanu tikusiyirani," anatero bilimankhwe. "Mapazi ndi ukali."

Ndiye lilime lake linatuluka, lalitali, kunsonga kwake kuli kofufutira kanga komwe kaja. Linanyambita mphuno ya mwana wanga, pamalopo panaoneka njerwa za khoma la tchalitchi. Linanyambita khutu, njerwa. Chipumi, njerwa, zosalala bwino, zopanda ndi msoko womwe, monga momwe ndinanyadira dzulo. Sindinachitepo mantha otere chibadwire.

"Amayi, kumaso kwanga kukulowa mphepo," anatero Tinyade.

"Palinso mluzu," anawonjezera kadzidzi. "Amaimba mluzu ngati bambo ake."

Mluzu umenewo ndakhala ndikumukalipira kuyambira ali kamwana, kuti mkazi saimba mluzu, koma chenicheni n'choti umandikumbutsa munthu uja. Lilime linaukoka m'kamwa mwake ngati ulusi. Ndinalira, anzanga. Ndinalirira mluzu.

"Kabatani kobwerera m'mbuyo!" inakuwa kamera pachifuwa panga. "Dinani msanga asanasunge!"

Ndinakaona kabataniko kali pakhoma, kamuvi kokhota. Ndiye ndithamange, pansi pakuterera. Nditambasule mkono, zala zanga zachita mbuu ngati chithunzi chojambulidwa munthu akunjenjemera. Mwadzidzidzi kunabwera chimphepo chochokera m'khoma lija, chikukoka diresi, maluwa ndi zonse zotsala za Tinyade kuti zilowe m'njerwa.

Apo ndi pamene dzanja lija linadumpha patebulo n'kukagwira paphewa pa mwana, pamalo pake penipeni. Linagwira zolimba mpaka mitsempha kutuluka. Chimphepo chikoke, ilo osasiya. Bilimankhwe alikwapule ndi lilime, ilo osasiya.

"Siya iwe!" anakalipa bilimankhwe. "Mwini wako anathawa kalekale!"

"Zambiri ndinalakwa, sindikukana," linatero dzanjalo, likulankhula kwa ine. "Koma tsiku limene lija ndinalipo, mayi a Tinyade. Jekete ndinabwereka kuti mwanayu asachite nane manyazi. Tsiku limodzi lokhali musamulande."

Ndinafuna kuyankha zaukali, poti ndinali nazo zambiri zosunga. Koma ndinaona chala choyamba chikuterereka paphewapo, kenaka chachiwiri, ndipo bilimankhwe anali atakweza phazi kuti adinde posungira. Ndinadziponya ndi mutu womwe kulinga kukabatani kaja.

Ndiye ndangomva shwe, shwe, shwe. Tsache. Ndatsegula maso kunja kwayera, thukuta lili thupi lonse, kamera ili phee pamsomali pake. Ndinafufuza foni pansi pa pilo. Chithunzi chinali chikadali chotsegula, chosasunga, ndipo paphewa pa kamwana ka diresi loyera panalidi dzanja lokhalokha, ndi wotchi yake. Ndinadina kamuvi kobwerera, ndinadinanso, mpaka a Gostino anatuluka m'khoma, kuyambira kunsapato mpaka kumutu, mphuno yomweyo, makutu omwewo.

Panja tsache linapitiriza, ndipo pamwamba pake panamveka mluzu wa Tinyade, wokhota ngati wa bambo ake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukalipire monga mwa masiku onse, koma ndinangokhala pabedi, foni ili pachifuwa, kumvetsera mpaka anamaliza kusesa.