Matumba a jekete la Amanyowa

Amanyowa sankadutsa ndowe pamsewu. Anthu ena amawerama akaona ndalama pansi, koma iwo ankaweramira zitosi za nkhuku ndi manyi a mbuzi, n'kuponya m'matumba a jekete ngati mtedza. Dzinali anawapatsa ndi alimi anzawo, ndipo ankalivomera monyadira. Amene ankaona zakuda ndi akazi awo, chifukwa jeketelo ankachapa ndi iwo.

Mayiwa anamwa manyazi zaka zambiri. Tsiku lina akupita ku ukwati atatchena, anangozindikira kuti akuyankhula okha. Bambo anali kumbuyo, akulondola ng'ombe ya eni yomwe inali itakweza mchira. Mnyamata wina atabwera kudzafunsira mwana wawo wamkazi, Amanyowa sanafunse za kwawo kapena za sukulu. Anapita kukapisa dzanja m'dzenje la manyowa la mnyamatayo, n'kubwerako akupukusa mutu.

"Dzenje lozizira chonchi, mwana wanga azikadya chiyani?"

Mnyamatayo anatembenuza manyowa mpaka dzenje linafuka nthunzi, ndipo m'pamene anakhala mkamwini.

Koma misala imeneyi inali ndi mutu wake. Gulu lawo la alimi linkagulitsa zokolola kwa ogula opereka mtengo wabwino, bola m'munda musalowe feteleza kapena mankhwala. Paja ikaola imodzi zaola zonse: mmodzi akangothira mobisa, mabanja onse akanataya msika. Ndiye Amanyowa ankayendera minda ya anzawo osaitanidwa, kununkhiza dothi, mwinanso kulilawa kumene. Mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, ankagulitsa feteleza m'sitolo yake, ndipo ankakonda kunena kuti munthuyu akadzafa nyongolotsi zidzamulandira ngati mbale wawo. Amanyowa ankangoyankha kuti n'zoona, chifukwa akhala akuzidyetsa moyo wawo wonse.

Anamwalira mvula itangoyamba, atadwala pang'ono chabe. Dzenje lawo la manyowa linazizira, ndipo posakhalitsa mbewu m'munda zinayamba chikasu. Mlamu uja anabwera ndi thumba la feteleza panjinga, n'kunena kuti ndi chipepeso.

"Achemwali, opita apita. Thirani m'mamawa, adziwa ndani?"

Mayiwa analiyang'ana thumbalo nthawi yaitali. Kunena zoona mtima unkalifuna, chifukwa zidzukulu zawo zinkadalira munda womwewo, ndipo wonunkhiza dothi uja kunalibenso. Koma ankadziwanso kuti likangotsegulidwa, anzawo onse a m'gulu alowa nawo m'madzi. Poti kunkazizira, analowa m'nyumba n'kuvala jekete lija, lomwe linali likadali pamsomali kuseri kwa chitseko. Atapisa dzanja m'thumba, anapezamo manyi a mbuzi ouma, omaliza amene bambo anatola asanagone pamphasa. Anaseka mpaka misozi, kuseka kunatha koma misoziyo sinaleke msanga.

Atatuluka, anatambasula dzanja kuti mchimwene wawo aone bwinobwino.

"Achimwene, kwezani thumba lanulo panjinga. Bambo anandisiyira feteleza wawo."

Masiku ano m'minda muli zii. Palibe wolawa dothi la eni, ndipo anyamata amafunsira akazi maenje ali ozizira. Koma m'mawa uliwonse mumaona mayi wovala jekete lowakulira akulondola mbuzi pamsewu, osasamala kuti akuwaona ndani, ndipo dzenje lija layambanso kufuka nthunzi. Jeketelo sanalichapebe, ndipo akuti salichapa.