Boti la Chitsulo, Boti la Faiba ndi Nsapato za Rajabu

Lolemba

Msana ukuwawa. Tsiku lonse ndili pa chiwongolero, Bwana ali kumbuyo ndi foni yawo, nkhani ndi imodzi yomweyo: maboti.

Chipumireni pantchito, Bwana akungolota zoyenda ulendo wautali pa boti la thanga, lija loyenda ndi mphepo. Kuchoka kuno ku Doha, kudutsa ku Oman, mpaka ku Zanzibar, mwinanso kupitirira. Munthu woti popita ku mzikiti wa pakona pompa amafuna galimoto yozizira m'kati!

Maboti amene akuwasirira ndi awiri:
- La faiba, ija yonga pulasitiki wolimba. Loyera mbuu, losamalika, ungokweramo n'kumapita.
- La chitsulo. Lili pamtunda ku yadi yokonzera maboti, akuti ndi lolimba, komanso akuti lachita dzimbiri.

Ine zikundikhudza pati? "Boti tikagula, khalas, upita ku livi," atero Bwana. Khalas m'Chiarabu chawo ndiye kuti basi, yatha. Pakali pano akundifuna kuti ndiziwazungulitsa kwa ogulitsa. Tchuthi changa chinakwana kalekale. Mwana wanga Rajabu anabadwa nditabwera kale kuno, ndimangomuonera pa foni, pano akuyenda. Ndinamugulira nsapato zofiira pa kasitolo kena ku Al Doha Al Jadeeda. Ndazisinthitsa kawiri, chifukwa phazi likukula ine ndikudikira. Zili m'sutikesi pansi pa bedi.

Pulani yanga: Bwana agule la faiba sabata ino. Loti lakonzeka kale, safunikanso dalaivala. Ndizingoponyapo mawu pang'onopang'ono ngati sindikudziwa kanthu. Zoona zake n'zakuti sindidziwadi kanthu, kwathu ku Ntaja boti ndinkaliona m'buku la sukulu.

Madamu safuna boti lililonse. "Ngati akufuna nsomba akagule kumsika."

Lachiwiri

Tapita kukaona la faiba. Alinyamula ndi makina kuti alitsuke kunsi, ndiye tikulizungulira ngati tikugula ng'ombe.

Zabwino zake, monga akunenera wogulitsa:
- Silichita dzimbiri.
- Ndi lopepuka, kamphepo pang'ono layamba kale kuthamanga.
- M'kati simutentha kwambiri.
- Silifuna penti chaka ndi chaka.

Ine ndikungogwedeza mutu pa mfundo iliyonse, mpaka khosi kuwawa. "Mashallah, Bwana. Mashallah."

Kenaka Bwana atulutsa kanyundo m'thumba. Achigula liti? Ayamba kugogoda boti la eni, khutu ali nalo pafupi. Go, go, go. Apa likulira bwino. Apa likulira ngati dzungu loola. Kunsi apeza matuza, timatuza tambirimbiri ngati munthu wapsa ndi phala. Aboola kamodzi ndi kiyi wa galimoto, mwatuluka madzi onunkha viniga. Akuti faiba ikakhalitsa m'madzi imamwa madziwo pang'onopang'ono.

"Small problem," akutero wogulitsa. Bwana abweza kanyundo m'thumba.

Pobwerera aonera vidiyo ya boti la faiba lomwe linagunda mwala wa pansi pa nyanja n'kung'ambika. Aionera kachiwiri. Andipatsa kuti ndione ndili pa mphambano ya magalimoto ambiri, pang'ono n'kanagunda basi.

Ndayesa kuponyapo mawu: "Koma Bwana, miyala munthu amangoizemba."

"Usiku uiona bwanji?"

Faiba yabwerera m'mbuyo. Ndatopa!

Lachitatu

Ku yadi, kukaona la chitsulo. Dzuwa lake losati masewera.

Boti lenilenilo: lalikulu, lakuda, mizere ya dzimbiri ikutsika m'mbali monse. Ndaligwira ndi chikhatho dala kuti Bwana aone, ndapsa zenizeni, ndakuwa zenizeni. "Bwana, umu munthu angapse ngati mbatata!" Bwana aligwiranso, achotsa dzanja msanga. Mtima wanga uli myaa.

Ndiye pansi pa botilo patuluka ndani? A Mwanza! Mzambiya wa ku Chipata, wowotcherera zitsulo, amakhala ku Al Muntazah. Ndine ndemwe ndinawabweretsa kunyumba chaka chatha kudzakonza geti, n'kuwayamikira kwa Bwana. Lero Bwana awaitana kuti adzapereke maganizo. Kufunsa wowotcherera ngati chitsulo n'chabwino!

Zomwe anena a Mwanza, osapumira:
- Chitsulo chikagunda mwala chimangopindika, sichisweka.
- Chikabooka, doko lililonse padziko lapansi pali wowotcherera.
- Kutentha? Penti woyera ndi zotchingira m'kati, basi.
- Kulemera? Boti lolemera silivinavina pa mafunde.

Bwana akumwetulira ngati mwana wapatsidwa switi.

Ndawakokera pambali a Mwanza. "Achimwene, mukundiphera livi. Mwana wanga sandidziwa."

"Pepani mwana," akutero, "nanenso nili na bana ku Chipata, contract yanga isila next month. Iyi job ni ya miyezi."

Sindingawadane. Koma ndawada pang'ono.

Vuto limodzi lokha latsala m'mutu mwa Bwana: dzimbiri. Apempha zidutswa ziwiri, chachitsulo ndi chafaiba, zazikulu ngati thireyi. Akuti tikaziyesa tokha kunyumba. Wonyamula ndi ine.

Lachinayi

Pabwalo la nyumba ku Fereej Al Murra pasanduka sukulu. Madamu akuonerera pawindo, manja m'chiuno.

Mayeso oyamba, nyundo. Bwana akuti ndimenye zonse ziwiri mofanana. Chitsulo ndachimenya ndi mphamvu zonse za makolo anga, changochita kadzenje, dzanja langa lachita dzanzi mpaka m'phewa. Faiba ndayigogoda ngati ndikudzutsa mlendo. "Yalla, bweretsa kuno!" Bwana alanda nyundo, amenya kamodzi. Mng'alu. Chitsulo chawina.

Mayeso achiwiri, dzuwa. Aika batala pa chilichonse. Wa pachitsulo wasungunuka Bwana asanakhale pansi. Faiba yawina. Batala anali wa Madamu, wa alendo a Loweruka. Windo latsekedwa mwamphamvu.

Mayeso omaliza, madzi a mchere. Zidutswa zonse m'beseni lochapira, theka m'madzi theka kunja. "Dzimbiri likachuluka, khalas, faiba," atero Bwana.

Apita kukagona masana. Ine ndaima pa beseni. Chitsulo chili phee, chikundiyang'ana. Dzimbiri lanji lingabwere tsiku limodzi?

Zomwe ndathiramo:
- Mchere wina, paketi yonse.
- Bulichi wochapira, kapu.
- Kenaka kapu ina, poopa kuti yoyamba inali yochepa.

Mulungu andikhululukire. Ndikungofuna kukanyamula mwana wanga.

Lachisanu

Zatheka!!! Chitsulo chafiira psuu, madzi asanduka ngati a m'chithaphwi. Faiba ili mbee ngati sinalowe m'madzi.

Bwana aima pa beseni nthawi yaitali. "La, la, ayi, ayi. Tsiku limodzi lokha? Ndiye chaka chathunthu panyanja?" Ine nkhope yachisoni. "Chitsulo n'chovuta, Bwana." Achitulutsa, achiika pansi kuti chiume, achijambula. "Khalas. Faiba." Ayimbira wogulitsa, sakuyankha, lero ndi Lachisanu ndipo akuti wapita kuchipululu ndi banja. Abwera Lamulungu.

Ku mzikiti, pa mapemphero a Juma, shehe alalikira za chinyengo. Pa nkhani zonse zomwe zilipo padziko! Ndangoyang'ana kapeti mpaka kumaliza.

Masana ndi anga. Ndagula:
- Tende, zipatso zotsekemera zija za kuno, makilo awiri, wa amayi.
- Perefyumu wa mkazi wanga Asiyatu.
- Kagalimoto ka pulasitiki. Panalinso kaboti, ndakasiya.

Ndayimbira Asiyatu pa vidiyo. Ndamuuza kuti sabata yamawa ino tikiti ituluka, inshallah. Waseka, kenaka walira, kenaka wandifunsa ngati ulendo uno ndi zoona. Wabweretsa Rajabu. "Ababa awa, apatse moni." Mwana wayang'ana foni, wayang'ana kumbuyo kwa foni kufuna kuona komwe ndabisala, wathawa. Asiyatu akuti mwamuna aliyense wovala chisoti akumuitana ababa, ngakhale wogulitsa makala. Ndaseka nawo. Nditadula foni sindinasekenso.

Ndatulutsa nsapato, ndazipukuta, ndazibwezera.

Loweruka

M'mawa kukuwa kwa Madamu. Pomwe Bwana anasiya chitsulo chija pasindikizika dzimbiri pa matayilosi oyera, makona anayi bwinobwino, pakhomo penipeni polowera alendo. Alendowo akubwera madzulo. Bwana atuluka kale kukamwa khofi ndi anzawo.

"Tsuka pansipo! Ndi chinyansi ichonso, chichape kapena ukachitaye, sindifuna kuchiona chonchi!"

Kutaya chinthu cha Bwana sindingayerekeze. Ndiye kuchapa.

Matayilosi: mandimu, sopo, bulashi, mawondo. Ayera.

Chitsulo: ndimati ndingochipukuta pamwamba. Koma manja angawa! Amayi anandilera pokwecha mapoto ndi mchenga, ukasiya kadontho kakuda umabwerezanso poto yense. Ndayamba ndi waya wokwechera mapoto. Kenaka sandipepa yemwe anatsala pokonza geti. M'makona ndalowamo ndi mpeni. Ndatsuka, ndaumitsa, ndapaka timafuta ta galimoto kuti dzimbiri lisabwerere. Ine mwini wake, amene ndinathira bulichi, ndapaka mafuta! Mutu unali kuti? Ndimangoimba kanyimbo, kuganiza za ndege.

Chawala mpaka ndikudzionamo mano. Madamu adutsa: "Zen." Kutanthauza kuti zili bwino. Chibwerereni sanandiyamikirepo. Ndanyada, chitsiru ine.

Bwana afika. Aima. Anyamula chitsulo, achitembenuza, atulutsa foni kuyerekeza ndi chithunzi cha dzulo.

"Wachita ndani?"

"Ine, Bwana. Madamu anati..."

"Nthawi yaitali?"

Apa n'kanati tsiku lonse. N'kanati ndatsala pang'ono kufa. Koma pakamwa panga pofuna kutamandidwa: "Pang'ono chabe, Bwana. Dzimbiri silivuta ukalidziwa."

Ndaona maso awo akuwala, ndadziwa kuti ndadziwotcha ndekha.

"Mashallah! Ndiye vuto la chitsulo si dzimbiri. Vuto ndi kusowa munthu. Ine munthu ndili naye!" Andimenya paphewa, phewa lomwe lija la nyundo. Ayimbira mwini boti la chitsulo. Ameneyo sanapite kuchipululu, wayankha foni isanalire kawiri.

Ndaganiza zoulula za bulichi. Koma ndikatero apeza kuti chitsulo sichichita n'komwe dzimbiri msanga choncho, achikonda kuposa. Paliponse ndaluza.

Alendo adya bwino. Batala ndinakagula wina.

Lamulungu

Kwathu lero anthu akupuma. Kuno ndi tsiku loyamba la ntchito.

Boti la chitsulo lagulidwa. Wa faiba wayimba m'mawa kuchokera kuchipululu kuja, Bwana amuuza kuti wachedwa.

Ndakumbutsa mwaulemu: "Bwana, munati boti tikagula..."

"Aiwa, eya eya, upita. Lingolowa kaye m'madzi. Miyezi yochepa chabe, inshallah." Kenaka, akukwera galimoto: "Ukabwerako tidzakambirana za ulendo. Chitsulo chimafuna munthu wake nthawi zonse."

Sindidziwa kusambira. Sindinanene, angandilembetse sukulu yake n'kuwonjezera miyezi ina.

Zomwe andigulira:
- Ovololo.
- Magalasi otchinga maso.
- Mabulashi a waya, bokosi lathunthu.
- Chipewa, chifukwa Bwana ndi munthu wachifundo.

Ku yadi ndaliyang'ana bwinobwino botilo. Kachidutswa kaja kanali ngati thireyi. Ili ndi lalitali kuposa minibasi ziwiri, ndipo a Mwanza akuti dzimbiri lenileni lili m'kati, pansi pa matabwa, momwe munthu amalowa chokwawa. A Mwanzawo andigulira karaki, tiyi wamkaka wa kuno. "Osadandaula mwana, tizasebenza bwino pamodzi." Ndamwa. Anali wokoma, zomwe zandikwiyitsanso.

Ndayimbira Asiyatu, popanda vidiyo, sindikanatha kumuyang'ana. Wamvetsera mpaka kumapeto. Sanakalipe, bola akanakalipa. Wangoti, "Chabwino bambo a Rajabu. Tende uja mudye, angawonongeke." Kumbuyo ndimamva mwana akuitana ababa. Sindinafunse kuti akuitana ndani.

Madzulo ndapempha kaola kamodzi. Ndatenga nsapato zofiira m'sutikesi, ndapita ku Al Doha Al Jadeeda. Mwini sitolo wandiona ndikulowa ndi kabokosi m'khwapa. Wakwera pa mpando, watsitsa saizi yotsatira, wandiyang'ana nkhope, wabwezera, watsitsa yotsatira inanso.