Gogo Wanga wa ku Italy

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo ndikanakonda ikanangoiwalika. Koma poti anthu amaikamba mowonjezera mchere, bola muimve kwa mwiniwake.

Nthawi imeneyo ndinali weta pa loji ina ku Ngala, ndipo kunali kutatsala milungu iwiri kuti tichite chinkhoswe ndi Esinta, mtsikana wa ku Kanyenda. Anzanga ankafera mpira wa ku England, koma ine mtima unali mu ligi ya ku Italy, pa timu ija ya mizeremizere yakuda ndi yoyera imene eniake amaitcha Old Lady. Ife masapota ake a ku Ngala tinkangoti Gogo.

Season imeneyo Gogo anatigwetsa ulesi. Atatenga chikho zaka naini zotsatizana, anamulanda masanasana.

Tsiku lina ndili mu minibasi yochokera ku Dwangwa, mnzanga Rajabu anandiimbira kuti andiseke. Vuto langa ine pafoni sindidziwa kunong'ona.

"Aise, usandikumbutse! Gogo wa ku Italy uja wandiswa mtima. Zaka naini akundisangalatsa, lero andichite zimenezi? Koma sindimusiya, olo nditakwatira!"

Sindinadziwe kuti mayi amene anakhala kumbuyo kwanga anali a Nachisale, azakhali ake a Esinta. Ndipo kuno kunyanja ndani sadziwa mbiri ya anyamata a m'maloji ndi azungu achikulire?

Kuyambira tsiku limenelo Esinta anasiya kuyankha foni. Ine ndinkangoti ndi network. Loweruka akwawo anandiitana ku Kanyenda, ndipo ndinapita nditasita malaya bwinobwino, poganiza kuti tikukakonza pulogalamu ya chinkhoswe.

Pakhonde ndinapeza a Mbewe, amalume ake a Esinta, ali pampando. Azakhali anali pamphasa, nkhope ili ndwii. Esinta anali pambali pawo, maso atatupa.

Titalonjerana, a Mbewe anatsokomola.

"Bambo, tamva kuti muli ndi gogo wina wa ku Italy amene akukusowetsani mtendere. N'zoona?"

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Kani kuchikazi kuno kulinso anthu odziwa mpira!

"N'zoona amalume, zoona kwambiri!"

"Munayamba liti?"

"Ndili Form Two."

"Mayo ine!" azakhali anagwira pamutu. "Mwana wasukulu!"

"Mumamuona kangati?" a Mbewe anapitiriza.

"Weekend iliyonse. Ndikakhala pa shift ndimasinthana ndi mnzanga. Nthawi zina ngakhale Lachitatu."

Esinta anayamba kusisima. Ine ndinati mwina ndi chimfine.

"Ndiye muli nokha kwa gogoyu?"

"Ayi ndithu! Ku Ngala kokha tilipo anayi. Rajabu yekha ndiye anakana, akuti gogoyu watha."

"Anayi!" azakhali anakuwa. "Ndipo mukudziwana?"

"Timakhalira limodzi, azakhali. Wina akachedwa timamusungira malo."

Azakhali anaimirira, kumanga chitenje mwamphamvu. "Tangondiuzani, munthu wopanda manyazi inu, ali ndi zaka zingati mayi ameneyu?"

"Zoposa handiredi," ndinayankha monyadira. "Koma akadzuka bwino amathamanga, simungakhulupirire!"

Esinta anavula mphete yachitomero imene ndinamupatsa, kuiika pamphasa. Apo m'pamene mutu wanga unatseguka. Thukuta linatsika msana wonse. Ndinafuna kufotokoza, koma pakamwa pankangotuluka "timu… mpira… jezi…" ngati wailesi yakutha mabatire.

"Bodza!" anatero azakhali. "Timu yake iti yotchedwa gogo? Esinta, tiye m'nyumba!"

Pamenepo a Mbewe anaphulika nako kuseka mpaka misozi. Anatulutsa foni yawo, nafufuza timuyo, n'kuwaonetsa azakhali anyamata khumi ndi mmodzi a makabudula.

"Alamu, gogo uja ndi ameneyu. Esinta, tola mphete. Mwamuna amene sathawa timu yake ikaluza sadzakuthawa iwe zinthu zikavuta."

Mawu amenewo anandipulumutsira banja. Lero tili ndi ana awiri, ndipo a Mbewe ndikawaona ndimavula chipewa ndili patali. Esinta nayenso Mulungu amudalitse, anaseka nane tsiku lomwelo, ngakhale azakhali anatenga mwezi wathunthu asanandiyankhe moni.

Pondiperekeza ku siteji ndinawathokoza a Mbewe kawiri katatu, kenako ndinawafunsa.

"Koma amalume, munazindikira nthawi yanji kuti ndi mpira?"

"Tsiku lomwe alamu anga anabwera nayo nkhaniyi."

"Nanga bwanji munandisiya ndipse chonchi?"

Anandisisita paphewa mwachifundo.

"Bambo, ine ndimasapota ya mizere yabuluu ndi yakuda, imene yakulandani chikhoyo. Zaka naini ndakhala ndikupemphera kuti Mulungu andipatse sapota mmodzi wa Gogo pakhonde panga. Ndikanakutayani msanga bwanji?"

Musanafunsire mbeta, yambani mwafufuza timu imene amalume ake amasapota.