Tsiku Limene Ndinadya Mbewa ya Kompyuta

Anzanga, bawoyo iyambe yaima, mumve zimene ndinalota usiku wathawu.

Paja abwana athu atsopano, Mayi Nachuma, analemba mawu achingerezi pa fayilo yanga Lachitatu, akuti mumpsimus. Ine ndimayesa ndi udindo. Ndiye kumalotoko ndatchena suti, ndasenza taipi yanga yakale, ndikukalandira mpando.

Mwadzidzidzi taipi ija inatsokomola pamutu panga. "A Chikaonda, mwawauza kale akunyumba kuti mwakwezedwa. Koma tanthauzo lake mwafunsa?"

"Zaka makumi atatu ndikutaipa chingerezi, ndifunse ndani?"

Ndiye khonde la ofesi linasanduka msika, dikishonale ikuthawa ngati nkhuku yoti yaona alendo. Ndinaigwira mwendo pansi pa benchi ya tomato.

"Ndisiyeni, ndinena!" inalira. "Mumpsimus ndi munthu woti amuonetsa poyera kuti walakwitsa, iye n'kukakamirabe zakalezo poti anazizolowera."

"Ameneyo ndi mlamu wanga," ndinatero.

Mwadzidzidzi ndili pamlandu. Mayi Nachuma khosi linatalika mpaka kuboola malata, asanduka nyamalikiti wovala magalasi. Akuluakulu ena onse abakha, ali ndii pa mipando. Ndiye chidindo cha ofesi chinaimirira ngati mboni.

"Bambo awa amakana kundisintha chaka. Makalata onse akutuluka ndi 1998."

"Chinali chaka chabwino!" ndinakuwa. "Mvula inagwa bwino!"

Abakha onse kwe kwe kwe, kuseka. Nyamalikiti anaweramitsa mutu kuchokera kudenga, mpweya wake ukununkha masamba.

"Musankhe lero, a Chikaonda. Muphunzira kompyuta, kapena muzikapuma kumudzi?"

Kumudziko ndilibe ngakhale khola. Ndinati ndiphunzira. Ndiye kompyuta inabwera yokha ikukwawa, n'kundigwadira.

"Yambani ndi kugwira mbewa ya kompyutayo," anatero abwana.

Koma anzanga, ine wa ku Dedza andiphunzitse za mbewa? Ndinaigwira, n'kuithira mchere, n'kuiponya m'kamwa. Mchira wake wautali, kumeza osatha. Abakha anagwa chagada, taipi ikulira kuti "Mwandichititsa manyazi!", ine ndikungotafuna.

Ndinadzidzimuka ndi phokoso la ndowa pampopi. Mayi a kunyumba anasuzumira pakhomo, tsache lili m'manja.

"Bambo a Tiyese, chingwe cha neti ya udzudzu chakulakwirani chiyani? Lavulani, mwachedwa kuntchito."