Kachitsulo ka m'khosi mwa a Chamchira

Bambo anga anthu ankawadziwa ndi chingwe cha m'khosi. Funsani aliyense mumsewu wathu uno kuti, "Kodi a Chamchira mumawadziwa?" Akuyankhani kuti, "Aja ovala kachitsulo aja?" Eya, omwewo. Zaka makumi awiri ndi zinayi kachitsulo kali pachifuwa. Kutchalitchi nako, kubafa nako. Pa ukwati wanga anavala suti, tayi, kachitsulo pamwamba pa tayiyo. Pa chithunzi kakuoneka bwino kuposa ine mkwatibwi.

Kachitsuloko kanali ka poto. Bambo anali ndi poto uja amati puresha, wa chivundikiro chokhoma, wophika ndi nthunzi. Pamwamba pa chivundikirocho pali kabowo, ndiye kachitsulo kaja kamakhala pamenepo kutsekereza nthunzi kuti isathawe. Popanda kameneko, potoyo ndi ndowa chabe. Ndipo bambo sankaphikamo china chilichonse koma supu wa mchira wa ng'ombe, Loweruka lililonse. Dzina lija linachokera pamenepo.

Abusa atsopano atangobwera, anakaona kachitsuloko n'kuganiza kuti ndi chithumwa. Anafika kwathu Loweruka, Baibulo kukhwapa, nkhope yokonzekera nkhondo.

"Bambo, chinthu chili m'khosicho, sichingavulidwe?"

"Chivulidwa, abusa, ikakwana nthawi ya poto. Khalani pansi muone ntchito yake."

Anakhala. Bambo anakavula, kukaika pa poto, kukoleza mbaula. Poto atangoyamba kuti tsiii, abusa aja anapezeka ali pageti, Baibulo latsala pampando. Anachita kuwanyengerera kuti abwerere. Anadya mbale zitatu. Kuyambira pamenepo banja lathu linali lodwala mwauzimu Loweruka lililonse, cha m'ma thwelofu.

Bambo anagwira ntchito kufakitale ya sopo, kuyang'anira chithanki cha nthunzi, mpaka kupuma. Ndiye nthunzi ankaipatsa ulemu ngati bwana. Koma pabutchala pokha ndi pamene ulemu unkawathera.

"Mchira uwu, ng'ombe yake inkakhala kuti?"

"M'khola, madala. Mumafuna izikhala kuhotela?"

"Ndikufunsa ntchentche. Kumeneko ntchentche zinaliko?"

"Zambirimbiri, madala."

"Ukunama. Taona kunona uku. Mchira uwu sunathamangitsepo ntchentche chibadwire. Ndipatse uwo wagwira ntchitowo. Ndipo udule m'mfundo, osamawaza ngati nkhuni."

Mwini butchala ankangogwira mutu, koma mchira wabwino ankaubisa pansi pa kauntala kudikira iwowo.

Kuphika kwake kunali ngati mlandu, chilichonse ndi nthawi yake. Choyamba kukazinga zidutswazo m'mafuta pang'ono mpaka zifiire mbali zonse. Kenako anyezi, adyo, tomato. Madzi ankathira kulekeza pa mzere umene anaulemba ndi msomali m'kati mwa poto, osapitirira ndi dontho. Atseke, aike kachitsulo, akhale pampando ndi wotchi m'manja. Poto akalira koyamba, achepetse makala, awerenge mphindi makumi anayi ndi zisanu. Atelala oyandikana nafe anasiya kugula batire la wotchi yawo, ankangomvera poto wathu. Nthawi ikakwana, amuphule, n'kumuika pakona. Apa ndiye panali mayeso. Fungo lili nyumba yonse, ana malovu ali chuchuchu, bambo ali phee.

"Agogo, tsegulani!"

"Akadali ndi ukali. Mulekeni apume kaye."

Akapuma yekha, ndi pamene ankatsegula, kuwengula mafuta a pamwamba, kuthira karoti, mbatatesi, zitheba ndi kabichi, n'kutsekanso mphindi zisanu zokha. Ankati masamba ukawalowetsa limodzi ndi nyama upeza phala. Nyama yake, abale, inkachoka pa fupa mukangoiyang'ana.

Tsono chingwe chija chinabwera chifukwa cha ine. Tinabadwa awiri, ine ndi mng'ono wanga wamkazi. Tsiku lina tili atsikana, bambo atatuluka kukagula mchere, njala inandipweteka. Ndinachotsa kachitsulo ndi supuni, n'kukakamiza chivundikiro. Mng'ono wanga anandikankha. Phuu! Supu kudenga, karoti pa kalendala, fupa limodzi tinakalipeza mu nsapato ya mayi. Ine osapsa paliponse. Iye anapsa pa dzanja, chipsera chilipo mpaka lero.

Bambo atalowa anayang'ana denga nthawi yaitali.

"Watsegula ndani?"

"Ndine," anatero mng'ono wanga, dzanja lili m'madzi.

Ine ndinamusiya asenze mlandu wanga. Madzulo ake kachitsulo kanalowa pa chingwe. Banga la padenga lija anakana kulipaka penti, akuti likhale sukulu.

Tinakula, tonse tinakwatiwa. Mayi atatisiya, ine ndi banja langa tinakhala ndi bambo, mng'ono wanga kutsidya la tauni. Loweruka ankabwera, ndipo tizidutswa ta kunsonga kwa mchira tinali take, ankakonda kutiyamwa mpaka fupa kuyera.

Zaka ziwiri zapitazo miyendo ya bambo inayamba kuvuta. Tili patebulo, mng'ono wanga anati akufuna awatenge akakhale kwake, poti kwake chipatala chili pafupi. Ine ndinali nditatopa, kuchapa ndi ine, kusambitsa ndi ine, wina angobwera kudzanyambita mbale n'kumalamula. Pakamwa panga panatuluka mawu amene sindifuna kuti ngakhale mdani wanga awamve. Ndinati, "Poti mwana ulibe, ukufuna bambo anga akhale mwana wako?"

Zaka khumi ndi ziwiri akuyendayenda m'zipatala kufuna mwana mtsikana ameneyo, ine ndikudziwa zonse. Anaika supuni pansi, anatenga chikwama, n'kutuluka. Sanapondenso pakhomo.

Bambo sananditukwane. Koma Loweruka lililonse ankapatula tizidutswa ta kunsonga tija m'kambale, n'kuvundikira, n'kukaika patsogolo panga.

"Bambo, kambale aka n'kayani?"

"Ka munthu amene sunakamuitane."

"Iyeyo njira waiwala?"

"Njira akuidziwa. Akudikira chivundikiro chako chitseguke."

Ndinkadziwa kuti ndinalakwa. Koma mwezi ukadutsa, kupepesa kumalemera. Chaka chikadutsa, sikunyamulikanso.

Atagonekedwa m'chipatala, tinagawana nthawi osalankhulana. Ine m'mawa, iye masana. Ngakhale kumeneko bambo sanasiye zawo. Pokawajambula m'chifuwa, anamwino anati avule chingwe.

"Mwana wanga, malaya ndivula, mano awa ndivula, koma ichi ayi."

Anakatembenuzira kumsana n'kuwajambula choncho. Dokotala wachinyamata anabwera akuthamanga ndi chithunzi, akuti agogo ameza chitsulo. Wodi yonse inaseka, ngakhale aja osatha kudzuka.

Anatisiya Lachitatu m'mawa, dzanja lawo lili m'dzanja langa. Nditawatsegula kolala kuti ndichotse chingwe, m'khosi munalibe kanthu. Ndinafunsa anamwino, ndinagwedeza mabulangete, ayi ndithu. Pa maliro ine ndi mng'ono wanga tinalira moyandikana ngati anthu okumana m'basi.

Patapita milungu itatu ndinadutsa pabutchala. Mwini wake anandiitana, n'kutulutsa mchira pansi pa kauntala.

"Dzanja langa linaubisa lokha, mayi. Ndinaiwala kuti kulibenso woubisira. Uwu wathamangitsa ntchentche zenizeni."

Ndinautenga. Ndinakazinga, madzi pa mzere wa msomali, kutseka. Nthunzi inkangothawa pa kabowo kaja ngati utsi wa fodya. Ndinaikapo kapu, inagwa. Ndinatenga msomali ndi hamala kuti nditseke bowolo. Atelala anandiona pa mpanda, anafuula tepi ili m'khosi.

"Mayi! Mukufuna tikuikeni pafupi ndi madala sabata yomwe ino? Siyani!"

"Nanga nditani? Kachitsulo kanasowa kuchipatala."

"Kanasowa? Inu pa maliro munkayang'ana kuti? Ine ntchito yanga ndi makolala a anthu. Chingwe chakuda chili m'khosi mwa mng'ono wanu."

Ndinakhala pansi pa simenti. Madala aja! Poto kwa ine, kachitsulo kwa iye.

Ndinaphula poto, ndinamukulunga m'thaulo, ndinakwera naye minibasi ziwiri. Kondakitala anafuna kundilipiritsa mpando wa poto. Nditafika, mng'ono wanga anatsegula chitseko, anayang'ana ine, anayang'ana poto.

"Achemwali, mwasochera?"

"Mchira sukupsa."

"Ndiye?"

Mawu ndinawakonza m'minibasi monse muja, koma onse anathawa. Ndinaona chipsera cha pa dzanja paja. Ndinati, "Poto uja ndinatsegula ndine, unapsa ndiwe. Ndi patebulo paja ndinatsegulanso ndine. Ndikhululukire, mwana wa mayi anga."

Anandilanda poto, kumuika pamoto, kuvula chingwe, kuika kachitsulo. Tinakhala pa mipando iwiri ya kukhitchini, osayang'anana. Poto atati tsiii, tonse tinalira ngati ndi bambo atsokomola panja.

Titaphula, ndinatambasula dzanja.

"Musamugwire," anatero akupukuta m'maso. "Simunaphunzirebe? Mulekeni apume."

Tinadya. Tizidutswa ta kunsonga ndinamuikira ndekha. Ponyamuka ndinati, "Tsono kachitsulo kaja undipatse, poti poto ali kwathu."

"Ayi. Bambo anati ndisakupatseni ngakhale mugwade. Anati, 'Wamkuluyo ukamupatsa zonse, aphika yekha.'"

Ndiye ndi mmene tikukhalira. Loweruka amabwera, chingwe m'khosi, ana anga amamuchingamira pageti. Atelala ayambanso kudziwa nthawi. Abusa nawonso ayambiranso kutidera nkhawa cha m'ma thwelofu.

Koma msewu wathu si uja ayi. Pabutchala anthu amangoloza nyama, kulipira, kumapita, palibe wofunsa za ntchentche. Mpando wa pafupi ndi mbaula palibe amakhalapo, ngakhale palibe analetsa. Supu wathu akoma ndithu, koma pali kena kake kamene sitikupeza, ndipo tasiya kukafunafuna.

Mwamuna wanga anagula penti mwezi watha kuti akonze kukhitchini. Anapaka makoma onse, n'kukwera pa tebulo kuti ayambe denga. Ine ndi mng'ono wanga tinafuula pamodzi, "Pamenepo ayi!"

Anatsika bwinobwino ndi burashi yake. Bangalo lilipo.